Mapu Amene a Hutala Ankabweretsa

Mukanalowa m'kachipinda ka Mayi Telala nthawi imeneyo, choyamba kuona sichikanakhala makina osokera, ngakhale anali pakhomo penipeni. Choyamba chinali misewu. Khoma lonse linali misomali yokhayokha, ndipo pamsomali uliwonse pankalendewera chidutswa cha mapu: china chodulidwa ngati mkono wa diresi, china ngati kolala, china ngati mwendo wa thalauzi la munthu wodya bwino. Amenewa ndiwo anali mapateni awo, mapepala aja telala amayala pansalu n'kumadula motsatira. Anzawo pantchitoyi ankadulira panyuzipepala, koma Mayi Telala ankati nyuzipepala ndi pepala laulesi, ukaligwira kawiri lang'ambika, komanso inki yake imadetsa nsalu yoyera. Mapu ndiye pepala. Ndi lolimba, ndi lotakata, ndipo ukalisita ndi simbi yofunda limagona myaa, osachita makani.

Mapuwo ankabwera ndi amuna awo, dalaivala wa lole amene msewu wonse unkawatcha a Hutala. Dzinali silinachokere ku lole ayi, pakuti loleyo inkagona kudepoti ya kampani ndipo iwo ankafika pakhomo wapansi ngati wina aliyense. Linachokera kukhosi kwawo. A Hutala akapereka moni pakona paja pa wokonza nsapato, Mayi Telala ankatereka ketulo ali m'nyumba, madzi n'kuyamba kulira mwini mawu asanafike pachitseko. Munthu ameneyu kunong'ona sankakudziwa. Chinsinsi chimene wauza mkazi wake kuchipinda, oyandikana nawo ankadzamufunsa m'mawa kuti chatha bwanji.

Masiku amenewo, pambali pa makampani akuluakulu a mafuta, kunali timakampani ta anthu wamba: munthu mmodzi kapena banja limodzi, malo omwetsera mafuta owerengeka pa zala, onse mbali imodzi ya dziko. Kalikonse kankasindikiza mapu akeake ogawa ulere kwa wothira mafuta. Anali mapu a misewu ndithu, koma tsankho lake linali losabisa. Msewu wokhala ndi pampu yawo ankaujambula wofiira, wonenepa ngati chala chamanthu, pamene msewu wa anzawo unkaonda ngati ulusi, woti uchite kuufunafuna. A Hutala ankayenda msewu wautali wa kumpoto, ndipo kumeneko kunali kakampani ka Njati. Choncho pamapu onse a m'nyumba muja pankaoneka timitu ta njati, kalikonse kakusonyeza pamene pali pampu.

Mayi Telala anali asanayendepo msewu umenewo, koma ankaudziwa kuposa ena obadwira komweko, kungoti ankaudziwira pathupi la munthu. Mlatho waukulu unkagwera pachifuwa cha aphunzitsi aja a mapewa opapatiza. Phiri la makona ambiri linali pamkono wa mwana wa wophika buledi. Mnzawo wa pamtima, Mayi wa Saluni, amene chipinda chake chinagundana ndi chawo, ankafuna mapu awiri omata pamodzi kuti siketi ituluke.

"Anzanga," Mayi Telala ankatero tepi ili m'khosi, "chiuno chanuchi chayambira kumalire kukathera kumalire. Muzichepetsako shuga, mapu andithera."

"Auzeni a Hutala abweretse a dziko lonse lapansi," ankayankha Mayi wa Saluni, uku akudzigwedeza.

A Hutala akabwera kuulendo, asanavule ndi nsapato zomwe, ankaponya mtolo wa mapu patebulo lodulira kuti phaa, n'kunena kuti, "Amayi, katundu wanu uyo." Amuna ena amabweretsa mafuta onunkhira, ena mpango, ena amangobweretsa njala ndi zovala zakuda. Mayi Telala sankasirira aliyense. Munthu amene amakumbukira, pakati pa tulo ndi fumbi, kuti mkazi wake amafuna pepala lotakata, ameneyo ndi mwamuna. Ankawakonda a Hutala, ngakhale pakamwa ankangowanena za phokoso. Ana anakula n'kupita kwawo, m'nyumba munatsala awiriwo, ndipo a Hutala akachoka Mayi Telala ankayendetsa chala pamsewu wofiira uja n'kumati lero agona pa njati iyi, mawa pa iyo.

Ndiye tsiku lina mtolo unagwa patebulo monga mwa masiku onse, koma pachikuto panalibe njati. Panali nkhanga, yonenepa bwino, ya mawanga ake, itatukula mwendo umodzi ngati ikuthamangira basi.

"Iyi ndiye mbalame yanji, abambo?"

"Pepala ndi pepala, amayi," anatero a Hutala, n'kupita kukasamba.

Mayi Telala anatambasula mapu amodzi. Pepala linali labwino ndithu, mwinanso kuposa la Njati. Koma msewu wofiira sunkapita kumpoto. Unkatuluka m'tauni mwawo kulowera kum'mawa, wamfupi, tinkhanga tinayi titandandalikana pamenepo. Msewu wa kumpoto, umene unawadyetsa zaka zonsezi, unali kaulusi kotuwa m'mphepete mwa pepala. Mapu oterewa sagawidwa pena paliponse koma papampu ya eni ake. Nanga munthu wopita kumpoto wawatenga kuti?

Ulendo woyamba anazisiya, poti mwina anapatsidwa ndi mnzawo kudepoti. Ulendo wachiwiri kunabweranso nkhanga. Wachitatu nkhanga. Ndipo diso likayamba kufufuza silisowa choona. Mkono wa a Hutala uja ankautulutsa pawindo, umene unkada kuposa unzake, unayamba kufanana ndi unzakewo. Nkhani za pamsewu, za apolisi ndi za ng'ombe zogona paphula, zinauma. Mayi Telala akafunsa kuti kumpoto kuli bwanji, yankho linali lakuti, "Kuli momwemo." Choopsa koposa, mawu aja anatsika. Tsiku lina a Hutala anafika mpaka pachitseko ketulo ili yozizira. Kenako pochapa malaya awo, Mayi Telala anawanunkhiza, ndipo sanamve dizilo wa lole amene anamuzolowera ngati fungo la mwana wawo. Anamva petulo.

Anakanena kwa Mayi wa Saluni, ndipo kumeneko kunali kuthira mafuta pamoto.

"Petulo?" anatero mnzawoyo, atasiya mutu wa kasitomala uli theka. "Lole simwa petulo, anzanga. Petulo ndi wa galimoto yaing'ono. Galimoto yaing'ono ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amavala ndolo. Ine mitu ya azimayi ndaigwira yambiri, nkhani zoterezi ndimazimva zisanatuluke pakamwa. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"A Hutala? Ndi mimba imene ija?"

"Mimba imaletsa chiyani? Enatu amafuna yomweyo."

Mayi Telala anaseka, koma kuseka kwake kunathera pakhomo la saluni. Anachita mantha, tinene zoona. Ukwati umene ankauyesa nsalu yosatha unkaoneka ngati wayamba kusosoka pamsoko, ndipo iwo, katswiri wa misoko, sankadziwa pogwira. Kufunsa mwachindunji sanafune, chifukwa munthu wosadziwa kunong'ona akakuyankha choona, msewu wonse umva. Sabata imeneyo anadula manja awiri akumanzere pa diresi la mkwatibwi, chinthu chimene sanachitepo ngakhale ali wophunzira. Atayang'ana manja awiriwo ali patebulo, anati basi, zakwana.

A Hutala atanyamula kachikwama kawo n'kutsanzika kuti akupita kumpoto, Mayi Telala anadikira kuti kuche kawiri. Kenako anavala diresi lawo labuluu, lodzisokera okha, limene ngakhale adani awo ankavomereza kuti limakhala. Mayi wa Saluni anawakonza tsitsi ulere, malipiro ake akhale kumva nkhani yonse asanaimve wina. M'chikwama anaikamo mapu a Nkhanga osadula ndi sizasi yaikulu. Sizasiyo musandifunse. Telala sayenda wopanda sizasi, ndipo za ntchito imene ikanagwira kumeneko, iwonso sanadzifunse.

M'basi ya kum'mawa anatambasula mapu pamiyendo, mpaka bambo wokhala nawo pampando anachita kupendeketsa mutu kuti aone kunja. Kanali koyamba kuti Mayi Telala agwiritse mapu ntchito imene anawapangira, ndipo anadabwa kuona kuti zinthu zake n'zoona: pamene pajambulidwa njanji, basi inadumphadi njanji. Kungoti msewu wofiira wonenepa uja, pansi unali wamaenje, woti basi ziwiri zikakumana ina iyambe yapatuka. Anthu a mapu ndi atelala ndi amodzi, anaganiza motero, onse amadziwa pobisa ndi poonetsa.

Pa Nkhanga yoyamba anatsika. Panali mapampu awiri, kashopu ka mabisiketi ndi mafuta a injini, ndi mtsikana wovala ovolosi yobiriwira ya timadontho toyera, atakhala pa kreti.

"Mwanawe, pamabwera dalaivala wa lole pano, wamtali, wa mimba, wa mawu aakulu?"

"Malole sadutsa kuno kawirikawiri, amayi. Koma mukati mawu aakulu... adala aja amati akaitana munthu kuno, wa kutsidya n'kuvomera?"

"Omwewo."

"Aa, amenewo pitani pa Nkhanga yachiwiri. Amakhala kwa amayi aja."

"Amayi ake ati?"

"Mayi Nkhanga, eni ake a malo onsewa. Amagona konko."

Mayi Telala anathokoza mwaulemu wonse, chifukwa munthu wovala diresi lotero sagwa pansi pamaso pa mwana. Si galimoto yaing'ono chabe, ndi mayi wa mapampu ake! Anakwera basi yotsatira, ndipo njira yonse ankakonza mawu, kuwadula, kuwasoka, kuwasosola, kuwasokanso, kuti akafika akangowavalika mayiyo osayesa.

Nkhanga yachiwiri inali pafupi moti anafika asanamalize kukonza mawuwo. Inali yokulirapo pang'ono, ya denga la malata pamwamba pa mapampu ndi kaofesi pambali. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Analunjika kuofesiko n'kugogoda kamodzi, kugogoda kwa munthu amene alowa ngakhale asayankhidwe.

Kuseri kwa tebulo kunakhala mayi wokalamba, wamng'ono thupi, tsitsi lonse mbuu, ndodo yoyendera itatsamira pampando. Ankamwa tiyi wa m'sosala. Pakona panali mulu wa mapu ofika m'chiuno, omangidwa ndi chingwe. Mayi Telala anayang'ana nkhalambayo, nayang'ana bulauzi yake, imene phewa lina linatsika kuposa linzake, ndipo mawu onse aja anabalalika.

"Mwabwerera mafuta kapena mapu?" anafunsa Mayi Nkhanga.

"Ndabwerera mwamuna wanga."

"Amenewo sitigulitsa. Ndi uti?"

Asanayankhe, panja panamveka mawu amene anagwedeza galasi la pawindo.

"Bwererani pang'ono, achimwene! Pang'ono! Basi, basi, mwafika!"

Mayi Telala anapita pawindo. A Hutala anali papampu, atavala ovolosi yobiriwira ya timadontho toyera, miyendo yake yolekeza pamwamba pa akakolo, mabatani a pamimba akupempha chifundo. Anatsegula thanki ya kagalimoto kofiira, nalowetsa paipi, kenako anatembenukira kupampu kuti aone manambala. Anasendera. Anasenderanso, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi, diso limodzi atatsinzina. Anakhala choncho mpaka mafuta anakwana.

"Ndi maso," anatero Mayi Nkhanga kumbuyo kwawo, mawu atafewa. "Anapita kukasintha laisensi, ndiye powayeza zilembo zija anangowerenga chapamwamba chokha. Kampani inawathokoza n'kuwatsanzika. Anafika pano akufunsa ntchito iliyonse, ine ndinati munthu wodziwa galimoto chonchi ndimutaya bwanji. Amagona kachipinda ka kuseri, kosungira zitini za oyilo. Anandiuza kuti kunyumba mukudziwa." Anamwa tiyi pang'ono. "Ndi munthu wabwino. Vuto lake ndi limodzi, mapu amatenga mtolo wathunthu. Ndimayesa amakagulitsa."

Mayi Telala anapitiriza kuyang'ana pawindo. Anali atabwera ndi mkwiyo wokwanira anthu awiri, ndipo tsopano sankadziwa kuti autula pati. Chisoni chinawagwira, chisoni chenicheni, poona munthu amene ankatsitsa lole yodzaza paphiri la makona ambiri akununkhiza galasi la pampu ngati mwana wosuzumira maswiti. Anatuluka.

Kagalimoto kofiira kanali katachoka. A Hutala ankapukuta manja ndi kansanza, ndipo ataona munthu wa diresi labuluu akubwera, anayamba mwa ntchito.

"Takulandirani, amayi, mukufuna..."

Anasiyira pomwepo, chifukwa Mayi Telala anali atafika pafupi moti tsopano nkhope inkaoneka. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, a Hutala anatsegula pakamwa osatuluka kanthu.

"Kumpoto kuli bwanji, abambo?"

A Hutala anayang'ana nsapato zawo. "Mwadziwa bwanji?"

Mayi Telala anasolola mapu m'chikwama n'kuwagunditsa pamimba ya ovolosi. "Mwakhala mukundibweretsera keyala yanu ulendo uliwonse, yojambula ndi mbalame yomwe. Munkati sindiona?"

"Ndinkati ndikafika chimanjamanja mudzadziwa kuti zavuta. Zaka zonsezi sindinalowepo m'nyumba muja wopanda mapu." Anakanda kumutu. "Zoti mumawerenga sindinaganize. Ndinkayesa mumangodula."

Apa Mayi Telala anaseka, kuseka kosafuna, kotulukira m'mphuno, ndipo pakati pa kusekako misozi inayamba. Anaipukuta msanga kuopa kudontheza pakolala.

"Ine ndabwera kudzamenyana ndi mkazi, mukudziwa? Ndakonzetsa tsitsi. Ndanyamula sizasi. Ndafika ndapeza mkazi mnzanga ndi zitini za oyilo."

"Pepani, amayi."

"Musandipepese, mundiyankhe. Basi ya kuno ndakwera dzuwa litatuluka kale, ndatsika panjira, ndakweranso, ndipo onani pamene lili. Pafupi chonchi! Ine ndimagona ndekha, chala pamsewu wa kumpoto, kumapempherera mabuleki a lole imene ikuyendetsedwa ndi munthu wina, inu muli panopa pamphuno panga. Manyazi anapha lambe, abambo."

"Munakwatiwa ndi dalaivala," anatero a Hutala, motsitsa kwambiri moti Mayi Telala anachita kusendera kuti amve. "Msewu wonse umandidziwa kuti ndine dalaivala. Ndikanafika n'kunena kuti chiyani? Kuti tsopano ndimathira mafuta m'galimoto za ana?"

"Ine ndinakwatiwa ndi phokoso. Lole sinalowepo m'nyumba mwanga. Phokosolo ndi limene mwandilanda miyezi yonseyi, ndipo ndikulifuna."

Galimoto ina inalowa n'kuima papampu. A Hutala anayang'ana galimotoyo, nayang'ana akazi awo, osadziwa kuti ayambe uti.

"Pitani mukathire, munthu akudikira," anatero Mayi Telala. "Koma ovolosi imeneyi tipita nayo. Mwamuna wa telala sangamaoneke ngati wabwereka zovala za mdzukulu wake."

Mayi Telala anabwerera kuofesi, ndipo pofika nthawi yoweruka anali atamwa tiyi kawiri, atagwirizana ndi Mayi Nkhanga kuti a Hutala azigwira masana okha n'kumagona kwawo, atafunsa kumene kuli dokotala wa maso wosathamangitsa anthu, ndiponso atayeza mapewa a nkhalambayo, chifukwa bulauzi ija inkawapweteka m'maso. Mayi Nkhanga anati mapu azitenga mmene akufunira, poti madalaivala ambiri amangopukutira magalasi.

Dzuwa litapendeka anakaima pamsewu awiriwo, a Hutala atanyamula kachikwama kawo ndi ovolosi yokulunga m'khwapa. Mawu anali atayamba kubwerera. Anafotokoza za kasitomala amene anathira dizilo m'galimoto ya petulo, ndipo anthu a tsidya lina la msewu anaseka nawo.

Basi inatulukira patali, chikwangwani chake chili pagalasi lakutsogolo. A Hutala anadula nkhani. Anatukula chibwano, natsinzina diso limodzi, milomo ikuyenda pang'ono. Basi inkayandikira, iwo ali chiyang'anire, ndipo dzanja lawo linanyamuka theka n'kuima m'malere, losadziwa ngati liimitse kapena ayi. Mayi Telala anaona zonsezi. Anayang'ana kumbali, ngati akukonza lamba wa chikwama.

"Iyi si yathu," anatero, ngati akudzilankhulira okha. "Ikukhotera kuchipatala."

Dzanja la a Hutala linatsika. Basi inadutsa. Patapita kanthawi inatulukira ina.

"Yathu ndi iyi. Taimitsani, abambo, inu ndiye amakumvani."

A Hutala anakuwa kamodzi kokha, ndipo basi inaima ndi mabuleki olira. Pokwera, Mayi Telala anawagwira pachigongono, n'kuwauza kuti sitepe yachiwiri ndi yothyoka.